Dzina Limene Ababa Analemba Monong'ona

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene amayi anamwalira, ndipo kumanda sindinapite nawo. Kwathu ku Chilobwe ana a msinkhu umenewo ankatsala pakhomo. Chimene ndinaona ndi maso angawa ndi chitsulo chokha chimene anakazika kumutu kwa manda awo, poti ndine ndinachigwirizira pamene ababa ankalembapo dzina. Kwa zaka zambiri chitsulocho ndicho chinkanditonthoza. Ndinkati ndikadzakula ndidzalowa m'mandamo, ndidzayenda ndikuwerenga mayina mpaka ndidzapeze pamene amayi anagona.

Ababa anali olemba zikwangwani. Ankagwirira ntchito pakhonde la sitolo ina ya nsalu ku Limbe, pamsewu wotsikira kumsika, ndipo madzulo ankafika kunyumba akununkha penti ndi palafini. Anali munthu wamanyazi zedi, woti ukawaponda phazi m'minibasi iwowo ndi amene apepese. Koma akagwira burashi, ha! dzanja lija silinkapempha chilolezo kwa munthu.

Zilembo zawo zinali za mitundu iwiri, ndipo mayina ake anachita kupeka okha. Panali zokuwa: zonenepa, zoima chilili, za pachigayo, pabutchala, kumbuyo kwa minibasi, zoti munthu awerenge ali tsidya lina la msewu. Ndiye panali zonong'ona. Izi zinali zowonda, zopendekera kumanja, chilembo chilichonse chitagwira chinzake, michira yake itapiringizika ngati nsonga za mnkhwani zikamafuna pokoleka. Ankazilemba pa makadi a ukwati, pa magalasi a m'saluni, pa timatabwa ta mavesi topachika pabalaza. Zinali ndi kaburashi kakekake, kamene ababa anakasenga ndi lezala mpaka kutsala titsitsi towerengeka. Kuti kaburashiko kaziyenda osadukiza, penti ankamusungunula ndi palafini mpaka akhale wamadzimadzi ngati mkaka wa m'tiyi.

Pachifukwa chimenechi panali lamulo limene ababa sankalisintha. "Zonong'onazi n'za pamthunzi," ankatero. "Penti wake alibe mnofu. Ukamuika padzuwa ndi pamvula ndiye kuti wamuphera dala." Tsiku lina ndili pompo anakaniza mayi wina wa saluni ku Kanjedza amene ankafuna zilembo zoterezi pakhoma lakunja. Mayiyo anachoka akutukwana chamumtima, ababa n'kupitiriza kutsuka maburashi awo.

Amayi, dzina lawo Elube, ankasoka zovala pakhomo. Mawu awo anali apansipansi. Ngakhale pondikalipira ndinkachita kusendera pafupi kuti ndimve kuti ndalakwanji. Ababa akabwera ndi chikwangwani cha zilembo zokuwa kuti chiumire kuseri kwa nyumba, amayi ankatseka makutu mwadala n'kunena kuti, "Abambo a Linesi, tachitembenuzani chinthu chanuchi, chikundisokosera." Linesi ndine. Ababa ankaseka mpaka kutsokomola, n'kuchitembenuzadi kuti chiyang'ane kumpanda. Pa chivundikiro cha makina awo osokera amayi analembetsapo dzina lawo m'zilembo zonong'ona, ndipo popukuta fumbi ankapazungulira pamenepo kuopa kufufuta.

Zinali zaka zija zimene anthu m'tauni muno ankangofa ngati nkhuku za chitopa. Amayi anayamba ndi chifuwa, kenako malaya awo omwe anayamba kuwakhuthuka, kenako makina anaima. Anagonekedwa kuchipatala chachikulu, anatuluka, anabwereranso, ndipo ulendo wachitatu anabwerera m'bokosi. Inali nyengo yotentha, mvula isanayambe.

M'mawa wa tsiku loika maliro, anyamata owotcherera zitsulo anabweretsa mtanda wachitsulo wokhala ndi kachimbale kakuda pakati, polembapo dzina. Akuluakulu a mpingo anali atapeza kale mnyamata woti alembe, poti wofedwa sagwira ntchito. Ababa ataona mnyamatayo akuvundukula chitini cha penti anadzuka pamkeka pamene anagona masiku awiri osadya, n'kumulanda mtandawo. Anazungulira nawo kuseri kwa nyumba, pafupi ndi bafa, n'kundiitana.

"Linesi, tagwira apa. Usagwedeze."

Ndinagwada pafumbi, chitsulo chikundiwotcha m'manja. Ababa anatulutsa kaburashi kaja m'thumba la malaya n'kuyamba kudonthezera palafini m'penti woyera. Apa n'kuti a Twaibu ataima pambali pathu. A Twaibu anali neba wathu, Msilamu, dalaivala wa minibasi ya ku Limbe, ndipo ndi ababa ankatchulana achimwene ngakhale kuti wina ankapemphera Lachisanu wina Lamulungu. Anayang'ana m'chitinimo n'kutsokomola.

"Achimwene," anatero, "si inu nomwe mumatiuza kuti izi n'za pamthunzi?"

Ababa sanadzutse mutu. "Mkazi wangayu moyo wake wonse sanandikwezerepo mawu. Ndiye ine ndimukuwire lero?" Anavundula pentiyo ndi kamtengo. "N'chaka chimodzi chokha ichi. Chiliza chikamangidwa tidzalemba zina."

Munthu amene wataya mkazi ungamutsutse bwanji tsiku la maliro?

Sindinaonepo ababa akulemba ngati tsiku limenelo. Misozi inkatsika mpaka m'ndevu, mapewa akugwedezeka, koma kaburashi kakangokhudza chitsulo dzanja linkaima nji. Chilembo choyamba cha dzina anachiyamba ndi mchira wautali umene unazungulira pansi n'kunyamula dzina lonse. Kunyumba kunkamveka nyimbo ya amayi a kumpingo, nkhuku zikupalasa pafupi ndi mapazi athu. Atamaliza, azimayi ena anabwera kudzasuzumira, wina n'kugwira pakamwa: "Abale, ngati khadi la ukwati!" Ndikunena zoona, pakati pa chisoni chonse chija ndinanyada. Ndinati amayi anga okha ndi amene adzakhale ndi dzina lokongola m'manda monsemo.

Masana lole yonyamula maliro inanyamuka, nyimbo inatsika nayo msewu mpaka kuzimirira, ine n'kutsala pakhonde ndi ana anzanga ndi agogo ena osatha kuyenda. M'manja mwanga munali mukununkhabe palafini.

Chaka chinatha, chiliza osamangidwa. Kwathu chiliza n'cha eni mbumba. Mkamwini sayambitsa, amangothandiza. Mwini mbumba anali amalume a Bonifasi, mlongo wawo wa amayi, ndipo iwo anali ku Joni kuganyu. Ngakhale kumaliro sanabwere. Ababa akatumiza mawu, yankho linkabwera lomwelomwelo: "Mundidikire. Ndinalephera kumuika mlongo wanga, ndiye ndilepherenso kumumangira chiliza? Chaka cha mawa ndili komweko." Chaka cha mawacho chinkangosunthira kutsogolo.

Mvula yachiwiri ili pafupi, ababa anakonza kachitini ka penti n'kunditenga ulendo wa ku Mpingwe kwa amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi anga, kukapempha kuti awaperekeze kwa amfumu, alowe kumanda akangopititsamo burashi. Anakhala pampando chipewa chili pabondo, n'kufotokoza mofatsa za dzuwa ndi mvula ndi penti wosungunula. Amayi aakulu anawayang'ana ngati aona chinthu chachilendo.

"Alamu, mwaganiza bwino? Mwamuna kulowa kumanda a mkazi wake, popanda maliro, popanda chiliza, kachitini kali m'manja? Anthu adzati mukukatapa dothi la kumanda. Adzati ndinu munamudya Elube. Ine dzina langa lisamveke nawo kumeneko. Dikirani a Bonifasi, tidzalowe kamodzi."

Ababa anati, "Zikomo, ndamva." Basi! Mawu awiri okhawo. Tinakwera minibasi kubwerera, kachitini kali m'jumbo pamiyendo pawo. Lero ndikakumbukira ulendo umenewo mtima umandipsa, chifukwa akuluakulu ananena kale kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Koma ndikudziwanso kuti amayi aakulu sankanama. Munthu akatchulidwa mfiti ku Chilobwe, ndani akanamupatsanso chikwangwani cha pagolosale yake? Ndani akanalola mwana wake kusewera ndi ine?

Kuyambira pamenepo mvula inasanduka mdani m'nyumba mwathu. Ikangoyamba kugogoda pamalata tikudya, ababa ankasiya mbamu m'manja n'kuyang'ana kudenga. Poyamba ndinkaganiza kuti akuopa kudontha. Nditazindikira, ndinafunsa tsiku lina kuti, "Ababa, penti uja sangachoke, eti?" Iwo anangoti, "Idya, mwanawe." Popita kusukulu ndinkadutsa chapatali ndi mandawo. Ndinkaona mitengo ya bulugamu ndi udzu, ndipo pafupifupi tsiku lililonse gulu la anthu ovala zakuda ndi zoyera likulowamo.

Amalume anabwera ine ndili Fomu 3, atavala jekete lachikopa, atanyamula zikwama zodzaza mabulangete. Anandikumbatira akulira, akuti ndafanana ndi mlongo wawo, ndipo ine sindinadziwe chochita ndi manja anga. Zinthu zinayenda mofulumira tsopano: kwa amfumu anapitako, simenti inagulidwa, njerwa zinabwera, a Twaibu anasiya ntchito tsiku limenelo kuti atinyamulire katundu. Ine ndinali nditakula, ndipo anandilola kulowa nawo. Sindinadye m'mawa umenewo. Ndinavala chitenje cha amayi, ndikuti ndikukawaona.

Kunali kozizira koma kowala. Adzukulu, amuna amene amakumba manda, anatsogola ndi zikwanje akutchetcha udzu, chisoso chikutikakamira m'zovala. Titalowa mkati ababa anaima. Manda amene iwo ankawakumbukira ali kumapeto, pafupi ndi thengo, tsopano anali pakati penipeni, mizere ina yambirimbiri itapitirira mpaka kutsikira kudambo. Paliponse mitanda yachitsulo, ina yopendekeka, ina itagwa. Ndipo chimene chinandibaya ndi ichi: yambiri inali yolemba ababa. Ndinalizindikira dzanja lawo. Mayina a anthu osawadziwa, m'zilembo zokuwa, anali akuwerengekabe bwinobwino, dzimbiri litangodya m'mbali. Ndinayamba kuwerenga umodziumodzi monga ndinkalotera, ndikuthamangira kutsogolo kwa akuluakulu, koma Elube sindinamupeze.

Ababa anakumbukira chinthu chimodzi. Anati patatsala masiku ochepa kuti amayi amwalire analembera mtanda wa nkhalamba ina yotchedwa a Makwinja, ndipo tsiku loika amayi, ngakhale ankachita kugwiriziridwa ndi amuna awiri, anaona dzina limenelo chakumtunda kwa dzenje. Tinafufuza mpaka tinawapeza a Makwinja. Kumunsi kwawo kunali mitumbira iwiri yogundizana, yofanana msinkhu, yonse yotitimira pang'ono. Uliwonse unali ndi mtanda wake, ndipo zimbale zonse ziwiri zinali dzimbiri lokhalokha, popanda ngakhale kadontho ka penti woyera.

Ababa anagwada pa wakumanzere. Anathira madzi a m'botolo pachimbalepo, n'kupukuta ndi mkono wa malaya awo a kutchalitchi. Anapendeketsa mutu uku ndi uku kuti dzuwa liwombe chammbali. Kenako anatseka maso n'kuyendetsa nsonga za zala pang'onopang'ono, kufunafuna pamene panadutsa burashi. Anakwawira kwa wakumanja n'kuchitanso chimodzimodzi. Anabwereranso kwa woyamba. Tonse tinkangomva dzimbiri likukhuthuka pansi pa zala zawo. Penti wa zilembo zokuwa amasiya kamzere kotukuka ngakhale mtundu utachoka, koma penti wosungunula sasiya kanthu.

Mdzukulu wamkulu, bambo wa imvi, analoza ndi chikwanje. "Ndi awa akumanzerewa. Ndikukumbuka tinakumana ndi mwala pokumba."

"Mwala unali pa akumanjawa, akulu," anatero mnzake. Anayang'anizana, kenako wamkuluyo anagwetsa nkhope. "Masiku amenewo tinkakumba m'mawa, kukumbanso masana. Mutikhululukire."

Apa ndi pamene amalume anaphulika. "Alamu! Munthu wolemba Limbe yense, mpaka zimbudzi za kumsika, dzina la mlongo wanga ndi limene linakukanikani?"

Ababa anali chigwadire, manja ali psuu ndi dzimbiri. Ine magazi anandikwera kumutu, mawu n'kutuluka okha: "Amalume, ababa ankadikira inuyo!" Amayi aakulu ananditsina pamkono mpaka chipsera chinakhala sabata yonse, koma sindinabweze mawuwo, ndipo mpaka lero sindinawabweze.

A Twaibu, amene anali ataima patali pang'ono mwaulemu, anasendera. "Pepani, ine ndine mlendo pa mwambo wanu. Koma njerwa zilipo zokwanira. Bwanji mumangire onse awiri?"

"Timangire munthu wosamudziwa?" anatero amalume. "Eni ake akadzabwera tidzati chiyani?"

Aliyense anaona kuti mwina n'zimene tinali pafupi kuchita. Koma simenti inali itafika, abale anali atabwera kuchokera ku Thyolo, kunyumba thobwa linali litaphikidwa, ndipo amalume tikiti yobwererera ku Joni inali m'thumba. Anatsatira mawu a mdzukulu wamkulu poti ndi wamkulu. Chiliza chinamangidwa kumanzere. M'busa anapemphera, nyimbo inaimbidwa, nkhata zinaikidwa. Ine ndinagwada kuti ndilire, koma maso anga ankangothawira ku mtumbira wakumanja, umene amisiri anaunjikapo matumba a simenti otha ntchito. Ndinadzuka n'kukawachotsapo.

Simenti itauma tinaloledwa kubwereranso kuti ababa alembe dzina. Analemba zokuwa, ndi penti wosathira kanthu, n'kubwerezamo mpaka zilembo zinachita kutukuka. Tsiku limenelo mzere wachiwiri unapendekeka pang'ono. Sanaukonze. Pobwerera tinayenda wapansi, ababa patsogolo, ine pambuyo nditanyamula chitini. Tinadutsa pamsika, anthu akuitanira tomato ndi makala ngati tsiku lina lililonse. Titatsala pang'ono kufika ndinalimba mtima.

"Ababa, kodi ndi pomwe paja?"

Anaima osatembenuka. Ndinkayembekezera kuti andinamiza, ndipo ndikanakondwa akanatero.

"Sindikudziwa, mwanawe," anatero. "Ukamadzapita uzidzawapatsa moni onse awiri."

Zilembo zonong'ona sanalembenso. Obwera ndi makadi a ukwati ankawauza kuti maso afooka, pamene maso anali bwinobwino. Anakhala zaka zochepa chabe pambuyo pake, ndipo atamwalira abale awo anawatengera kumudzi kwawo ku Chiradzulu.

Lero ine ndimagwira ntchito pamalo ena osindikizira zinthu m'tauni ya Blantyre. Zilembo zonong'ona zili mbwee m'kompyuta, zamitundumitundu, zina zokongola moti ababa akanaziona akanavula chipewa. Ndimazikonda, sindikana. Pa khadi la chinkhoswe, pa bokosi la keke, ndimatha nazo nthawi ndikusuntha mchira umodzi mpaka ukhale pamalo pake. Koma akabwera munthu wofedwa, maso ali ofiira, n'kuloza zowondazo kuti zikhale pa chimbale cha pamanda chifukwa malemu anali munthu wofatsa, ndimakana. Abwana anga amati, "Linesi, pakamwa pakopo pamathamangitsa makasitomala." Athamange. Ndimamukhazika munthuyo pampando, n'kumufunsa ngati malemuwo asiya ana.

Ndinakhala nthawi yaitali nditawakwiyira ababa, kenako mkwiyo ndinausamutsira kwa amalume, kenako kwa amayi aakulu. Tsopano ndadutsa msinkhu umene amayi anamwalira nawo, ndipo ndikuona kuti onsewo ankawakonda. Wina ankafuna kuwalankhula mofatsa komaliza, wina ankafuna kukhalapo yekha ndi manja ake, wina ankateteza mbiri ya banja. Aliyense ankaganizira wakufayo, kapena zonena anthu, ndipo palibe anakumbukira kamtsikana kamene kanatsala pakhonde, kopanda njira ina yodziwira manda koma dzina. Dzina la pamanda salembera amene wagonayo. Iye sawerenga. Amalembera amene adzabwere mochedwa, udzu utakula, okumba aja ataiwala, ndipo "chaka chimodzi chokha" si chathu kulonjeza.

Kumanda kuja salowa chilowelowe mpaka pano, choncho ndimadikira maliro. Kukamwalira munthu ku Chilobwe, ngakhale womudziwa patalipatali, ndimapempha tchuthi n'kuperekeza nawo. Anthu akamaponya dothi ine ndimazemba pang'onopang'ono, n'kudutsa pakati pa mitanda mpaka kumunsi kwa a Makwinja. Chiliza chilipo, dzina likuwerengeka ngakhale uli patali. Mtumbira wakumanja watsala pang'ono kulingana ndi nthaka, mtanda wake unagwa kalekale, ndipo zaka zonsezi palibe munthu anabwerapo kudzaufuna. Ndimazula udzu mbali zonse ziwiri. Ndikatha ndimagwada pakampata ka pakati, n'kutseka maso kuti ndisayang'ane kulikonse, n'kunena kuti, "Amayi, ndine Linesi, ndabwera."